Mkombaphala wa mpingo pafamu: kodi m'kaundula muli ana a yani?

Mukamayenda pa msewu wochokera ku Harare kupita ku Chinhoyi ndi Karoi, kapena wodzera ku Mazowe kulowera ku Bindura ndi Mvurwi, zikwangwani za sukulu za mkombaphala simungaziphonye. Zambiri n'za mipingo, zina n'za anthu opemphera amene anatsegula kasukulu pakhomo pawo kapena m'nyumba yopemphereramo. Dzina limakhala lochokera m'Baibulo, ndipo m'munsi mwake amalemba zimene mwana akapeze: Chingerezi, mapemphero, chakudya, mwina ndi kompyuta. Pamapeto amalengeza kuti malo alipo, bwerani mudzalembetse.

Ine sinditsutsana nazo sukulu zimenezi. M'madera a mafamu akuluakulu, amene abale athu a kumeneko amawatcha mapulazi, zikugwira ntchito imene boma silinaikwanitse. Koma ndili ndi ganizo limodzi limene ndikufuna kuti inu aphunzitsi anzanga mulisinkhesinkhe pamene mukuwerenga phunziro lino. Mukafuna kudziwa ngati sukulu yotere ikutumikiradi dera lake, siyani chikwangwanicho, pemphani kaundula. Muone ngati mwana wa mayi wothyola fodya wa m'komboni alimo. Kawirikawiri mupezamo ana a namwino, a wapolisi, a mwini golosale ndi a mlimi, pamene wa m'komboni, amene akusowa chisamalirocho kuposa onsewa, ali kunja kwa mpanda. Palibe amene anamuthamangitsa. Chimene chinachitika n'chakuti fomu yolembetsera, kalendala ndi chiyankhulo cha m'kalasi anazikonza akuganizira mwana wina.

Ana a m'makomboni ndi ayani?

Agogo a ana ambiri a m'makomboni a ku Mashonaland anachokera ku Nyasaland, ku Mozambique ndi ku Northern Rhodesia. Ena anayenda wapansi kudzera ku Tete, ena anakwera malole a Ulere, ena analembedwa ndi Mthandizi kuti akagwire ntchito m'minda ya fodya ya azungu ndi m'migodi. M'nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, kuyambira 1953 mpaka 1963, njirayi inali yopondedwa kwambiri. Ambiri sanabwerere, ndipo kumudzi anawatcha matchona. Anapita ndi zawo: Chichewa ndi Chiyao, Gule Wamkulu, Chisilamu, komanso mpingo wa CCAP. Ntchito ya mpingowu pakati pa anthu a ku Nyasaland inayamba mu 1912 ku Salisbury, mzinda umene lero ndi Harare, ndipo mu 1965 inakhala sinodi payokha.

Pafamu, moyo wonse unali m'manja mwa mwini famu. Blair Rutherford, amene anafufuza moyo wa antchito a m'mafamu a ku Hurungwe ndi kutulutsa buku mu 2001, anaonetsa kuti famu inali ngati kadziko kapakeko, kumene nyumba, chakudya, chilango ndi sukulu zinkadalira mtima wa bwana. Bwana akafuna, sukulu inkakhalapo. Akapanda kufuna, ana ankakulira m'mizere ya fodya. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, bungwe la Save the Children la ku Britain linathandiza kuyambitsa ntchito yophunzitsa amayi a m'makomboni za umoyo m'boma la Bindura, ndipo ambiri mwa amayiwa ndiwo ankasonkhanitsa ana pansi pa mtengo kapena m'chigafa, kuwaphikira phala ndi kuwasewetsa. Mu 1996 kunabadwa bungwe la Farm Community Trust of Zimbabwe limene linapitiriza ntchito ngati imeneyi.

Kenaka kunabwera chaka cha 2000. Ntchito yogawa minda mofulumira isanayambe, antchito a m'mafamu m'dziko lonse anali oposa 300,000, osawerengera akazi kapena amuna awo ndi ana. Ambiri ntchito inawathera, ochepa okha ndiwo analandira minda, ndipo timasukulu tambiri timene tinkadalira chimanga ndi denga la mwini famu tinatha naye limodzi. Makomboni ambiri sanathe. Anthu alimobe, akugwira ganyu kapena ntchito ya nyengo kwa alimi atsopano, ndipo fodya akulimidwabe zedi m'zigawo zonse zitatu za Mashonaland.

Boma nalo silinakhale chete. Komiti imene ankaitsogolera Caiphas Nziramasanga inalangiza mu 1999 kuti maphunziro a mmera mpoyamba akhale mbali ya sukulu ya pulayimale, ndipo mu 2004 unduna wa zamaphunziro unalamula sukulu zonse za pulayimale kuti zitsegule makalasi a ana aang'ono, amene lero amadziwika kuti ECD A ndi ECD B. Lamuloli ndi labwino. Koma taganizani za dera la mafamu, kumene sukulu zinatalikirana, ndipo zina n'zongoyembekezera zimene zinatsegulidwa m'nyumba zakale za azungu ndi m'mabalani a fodya. Mwana wa zaka zitatu angayende makilomita angati m'mawa, m'mame, mtsinje utadzaza? Ngakhale atafika, kalasi yake imaweruka masana, mayi ake akadali kumunda. Nanga wa chaka chimodzi ndi theka, amene sanafike pa msinkhu wa ECD A? Mpata umenewu ndi umene mipingo yalowamo, ndipo yachita bwino kulowamo. Funso n'lakuti yalowamo chifukwa cha yani.

Fomu yolembetsera

Tiyambe ndi pepala limene kholo limapatsidwa pakhomo. Mzere woyamba umafuna chiphaso cha kubadwa cha mwana. Kwa mphunzitsi kapena kalaliki, imeneyi si nkhani. Kwa mayi wa m'komboni, ulendo ungathere pomwepo.

Lamulo la ku Zimbabwe limati mwana alembetsedwe pasanathe masiku 42 chibadwire. Koma kuti mwana apeze chiphaso, kholo liyenera kuonetsa chitupa chake. Nanga ngati mayi alibe chitupa chifukwa agogo anabwera kuchokera ku Ntcheu kapena ku Angonia popanda pepala lililonse? Mu 2001 lamulo la unzika linasinthidwa, ndipo anthu amene makolo awo anabadwira kunja anauzidwa kuti akakane unzika wa dziko linalo, dziko limene ambiri anali asanaliponde n'komwe. Ochuluka sanathe kutero, ndipo anasanduka alendo m'dziko limene mchombo wawo unagwera. Malamulo aakulu a dziko a 2013 anakonza mbali ya vutoli: munthu wobadwira mu Zimbabwe malamulowo asanatuluke, amene kholo lake linali nzika ya dziko la SADC ndipo iye ankakhala m'dzikomo, ndi nzika yobadwa. Komabe unzika wa m'buku la malamulo umafunika kuutsimikiza ndi mapepala, ndipo mapepalawo ndi amene palibe. Lipoti la Amnesty International la 2021 linaonetsa kuti zidzukulu za anthu ochokera ku Malawi, Mozambique ndi Zambia zinali zidakali pakati pa anthu ovutika kwambiri ndi nkhani imeneyi. Mu 2022 boma linayendetsa kalembera woyendayenda kwa miyezi ingapo, ndipo ambiri anathandizidwa, koma ana akubadwabe chaka ndi chaka kwa amayi amene kalemberayo anawaphonya.

Tsono sukulu ya mpingo ichite chiyani? Maganizo anga ndi akuti ilembe mwanayo kaye. Khadi la kusikelo ndi lokwanira kudziwa msinkhu wake ndi katemera amene analandira. Ikatero, chiphasocho chisanduke ntchito ya sukulu ndi mpingo, osati chotsekera pakhomo. Mpingo uli ndi zimene mayi uja alibe: mabuku a ubatizo, akulu a mpingo odziwa mbiri ya banjalo, abusa amene akalowa mu ofesi ya kalembera amamvedwa, mwinanso galimoto yopita kuboma. Mwana akalandira chiphaso ali ndi zaka zinayi, mwamuchotsera chipsinjo chimene chikanadzamupeza pa mayeso a Giredi 7, pofuna malo ku sekondale, ndi podzafuna chitupa chakechake. Pa zonse zimene sukulu yotere ingamuchitire mwana wa pafamu, sindikuona choposa chimenechi, ngakhale kuti pa chikwangwani sichilembedwa.

Mzere wachiwiri ndi wa ndalama. Apa tisanamizane: mlezi ayenera kulipidwa, ufa wa phala sugwa kumwamba, ndipo sukulu imene silipiritsa chilichonse kawirikawiri imafa chaka chisanathe. Vuto lili pa kalipiridwe. Fizi ya temu yonse, yolipiriratu tsiku loyamba m'madola a ku America, imayenera munthu wa malipiro a pamwezi. Waganyu amalandira lero, mawa ayi. Bwanji osalola kulipira pa sabata, kapena ndi ndowa ya chimanga, mtolo wa nkhuni, tsiku limodzi lophika phala? Ku Malawi sukulu zambiri za mkombaphala za m'midzi zakhala zikuyenda chomwecho, makolo kusonkha ufa ndi kulima munda wa sukulu. Koma pali zina zimene ndingozitcha zolemetsa zopanda pake: yunifomu ya mitundu iwiri, chikwama cha dzina la sukulu, ndi mkanjo ndi chipewa cha pa tsiku lotsazikana, ngati kuti mwana wa zaka zisanu wamaliza digiri. Zithunzi zake zimakongola, eetu, koma mtengo wa mkanjo umenewo ukanagula phala la masabata angapo.

Kalendala ya fodya

Sukulu zambiri za mipingo zimangotengera kalendala ya boma: kutsegula mu Januwale, matemu atatu, tchuthi chachikulu mu Disembala, kuweruka masana. Fodya sadziwa zimenezo. Nazale zimafesedwa m'miyezi yozizira, kuwokera kumayamba mu Seputembala kwa othirira ndipo kumapitirira mvula ikagwa, kuthyola kumayamba chakumapeto kwa chaka n'kupitirira mpaka cha mu Malichi, kenaka kuwotcha m'mabalani ndi kusankha m'zigafa. Ndiye kuti pa nthawi imene mayi ali pa ntchito kuyambira mbandakucha mpaka dzuwa kulowa, pamene sukulu yolera ana ikufunika koposa, m'pamene pachipata pamakhala loko.

Mwana amene alibe kopita amapita kumunda, kumsana kwa mayi ake kapena pambuyo pawo. Kumeneko kuli mankhwala ophera tizilombo, ndipo masamba a fodya aawisi, makamaka akanyowa ndi mame kapena mvula, amalowetsa chikonga m'thupi kudzera pakhungu. Munthu amachita nseru, kusanza, chizungulire ndi mutu. Lipoti la Human Rights Watch la 2018 lonena za minda ya fodya ya ku Zimbabwe linapeza ana akugwira ntchito m'mindamo ndi kudwala zizindikiro zomwezi. Choncho nkhani ya maola otsegulira sukulu isaoneke ngati yaing'ono. Sukulu imene imadzitcha yolera ana m'dera la fodya iyenera kutsegula mayi asananyamuke, kutseka atabwerako, ndi kukhalabe yotsegula mu Disembala, ngakhale ndi alezi osinthanasinthana. Iyeneranso kulandira mwana pakati pa temu, chifukwa antchito a nyengo amabwera ndi fodya ndi kupita naye. Mwana amene wakhala nanu miyezi itatu yokha sanakuonongereni kaundula. Wadya phala miyezi itatu, ndipo miyezi itatu imeneyo sanakhudze tsamba la fodya.

Chiyankhulo cha m'kalasi

Apa ndipo ndikudziwa kuti ena a inu titsutsana. Makolo enieniwo amafuna Chingerezi. Mayi wa m'komboni akamva mwana wake akutchula masiku a sabata m'Chingerezi amaona kuti ndalama yake yagwira ntchito, ndipo ali ndi chifukwa chake: waona yekha kuti ntchito zabwino zimapita kwa odziwa chiyankhulo chimenecho. Sitingamuseke.

Koma ife ndife aphunzitsi, ndipo timadziwa kusiyana kwa kuloweza ndi kumva. Mwana wa zaka zitatu amene kunyumba amamva Chichewa, pabwalo la komboni Chishona chosakanikirana ndi Chichewa, akafika m'kalasi mmene zonse n'Chingerezi amaphunzira chinthu chimodzi mofulumira: kukhala chete. Sanena kuti m'mimba mukupweteka, safunsa chifukwa chake nyerere zimayenda pamzere, sasimba zimene agogo ananena usiku. Pa msinkhu umenewu, kufunsa ndi kusimba ndiwo maphunzirowo. Mwana amene wazolowera kufotokoza nkhani kuchokera poyambira mpaka pothera m'chiyankhulo cha mayi ake savutika kudzachita zomwezo m'Chingerezi. Amene anangoloweza mawu osawamva amafika Giredi 3 akutha kutchula zolembedwa koma osadziwa chimene wawerenga, ndipo inu nomwe mumakumana naye.

Lamulo liri kumbali ya mwanayo. Malamulo aakulu a 2013 amavomereza ziyankhulo 16 m'dziko la Zimbabwe, ndipo Chichewa chili m'gulu limenelo. Lamulo la maphunziro litasinthidwa mu 2020, linanena kuti sukulu ziyesetse kugwiritsa ntchito chiyankhulo chobadwa nacho pophunzitsa ana a mmera mpoyamba. Ambiri ku Mashonaland akamva zimenezi amangoganiza za Chishona. Zoonadi ana ambiri a m'badwo wachitatu ndi wachinayi m'makomboni amayankhula Chishona bwinobwino, ndipo ena Chichewa anachitaya. Koma china mwa zifukwa zimene anachitayira ndi manyazi. Mayina onyoza ngati lakuti mabhurandaya, lochokera ku dzina la Blantyre, anawaphunzitsa makolo awo kubisa kwawo. Mlezi amene amalonjera mwana kuti "Wadzuka bwanji, mwanawe?", amene amalola nthano ndi ndagi za Chichewa pa mphasa ya m'kalasi, amamuuza mwanayo popanda kulalikira kuti chiyankhulo cha agogo ake si chamanyazi. Izi sizifuna ndalama. Zimangofuna kuti polemba alezi, komiti isayang'ane setifiketi yokha, ilembeko ndi mayi mmodzi wa m'komboni momwemo, kenaka n'kumutumiza ku maphunziro. Chingerezi chibwere ndithu, m'nyimbo, m'masewera, m'moni, pang'onopang'ono.

Za chikhulupiriro nditchulepo mwachidule. Mpingo umene wamanga sukulu uli ndi ufulu wopemphera ndi ana ndi kuwasimbira nkhani za m'Baibulo, ndipo kholo liuzidwe zimenezi poyera pa tsiku lolembetsa. Koma m'komboni muli ana a Asilamu, a Apositoli, ndi a mabanja a kudambwe. Ngati sukulu yanu ndi yokhayo pa mtunda wa maola awiri, kufunsa kalata ya ubatizo kapena kutchula Gule Wamkulu kuti n'za ziwanda pamaso pa mwana amene bambo ake ndi wolowa, n'kumuuza mwanayo kuti asankhe pakati pa phala ndi makolo ake. Paja mu Marko 10 amene anadzudzulidwa si ana aja, koma ophunzira amene ankawatsekereza. Ndi nzeru yaing'ono chabe kufunsa mayi wachisilamu zimene mwana wake sadya ndi kuzilemba m'kaundula.

Tsono m'kati mwa tsiku muzichitika chiyani? Ine ndingayambe ndi phala, madzi abwino, chimbudzi cha msinkhu wa ana, sopo, ndi mphasa yogonapo masana. Zikatero, masewera: dongo, zitsekerero za mabotolo, zitsononkho, mchenga, nyimbo zovina, kuwerenga miyala. Kukhazika ana a zaka zitatu pa benchi kuti azikopera zilembo pa bolodi kwa ola lathunthu ndi kuwazunza, ngakhale makolo ataombera m'manja. Malamulo a boma a 2005 oyendetsera malo a ana aang'ono, otchedwa Statutory Instrument 106, amafuna kuti malowo alembetsedwe ku unduna ndipo mphunzitsi mmodzi akhale ndi ana 20. Sukulu zambiri za m'mafamu sizingakwanitse zonse tsiku limodzi, koma dzina la mpingo lisakhale chobisalirapo. Chipinda chimodzi chopanda mazenera, ana 50 ndi mtsikana mmodzi wosaphunzitsidwa, chimenecho ndi khola, kaya pakhomo palembedwa vesi yokoma chotani.

Mwina mukufunsa kuti zonsezi zikukukhudzani bwanji inu, poti ambiri mumaphunzitsa ku pulayimale ndipo sukulu ya mpingoyo si yanu. Ena mwa inu ndinu akulu a mpingo, alembi a makomiti, aphunzitsi a Sande sukulu, ndipo pa msonkhano mawu a mphunzitsi amalemera. Komanso taonani kaundula wanu womwe wa Giredi 4 kapena Giredi 5 m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale. Werengani atsikana amene amajomba masiku awiri kapena atatu pa sabata, ndipo mukawafunse kumene amakhala. Ambiri adzakuuzani kuti amatsala pakhomo ndi khanda kumsana kuti amayi awo apite kukathyola fodya. Khanda limenelo likapeza malo ku mkombaphala, mkulu wake abwerera m'kalasi mwanu.

Choncho temu ikubwerayi isanayambe, pitani ku komboni imene ili pafupi ndi sukulu yanu pamodzi ndi mlezi ndi mkulu wa mpingo mmodzi. Yendani khomo ndi khomo, mulembe ana onse osapitirira zaka zisanu, chiyankhulo chimene amayankhula ndi amayi awo, ngati ali ndi chiphaso cha kubadwa, ndi amene amawasunga masana. Mukabwerako, ikani pepala limenelo pambali pa kaundula wa sukulu ya mpingo, ndipo mayina amene ali pa pepala lanu koma m'kaundula mulibe mukawawerenge mokweza pa msonkhano wa komiti.